Ndikongole ndalama ndikuze kafakitale kanga ka zovala, kapena ndiyambe kuoda zosokeratu kunja?

Akuluakulu a pagulu pano, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa zaka ziwiri osalembapo kanthu, koma lero nkhani yandikulira, ndipo popeza safunsa anadya phula, ndati ndiitule pano pamene pali anthu amene anagwirapo ntchito m'mafakitale, m'mabanki ndi m'boma. Mundikhululukire kuti ndilemba motalika, chifukwa funso langa silingamveke ndikapanda kufotokoza kumene lachokera.

Ine ndine mayi wa zaka 46, ndimakhala ku Blantyre, ndipo ndili ndi kafakitale kosoka zovala. Ndili ndi atelala 11, bambo mmodzi wodula nsalu, ndi atsikana awiri amene amasita ndi kulongedza. Timasoka mayunifolomu a sukulu, maovolosi a anthu a m'magalaja ndi zovala za alonda. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa malemu bambo anga, amene anagwira ntchito zaka 19 pa fakitale ina yosoka malaya ku Makata. Ndili mwana ndinkaona m'mamawa chinamtindi cha anthu chikutsika kuchokera ku Ndirande kupita ku Makata ndi ku Ginnery Corner, aliyense atanyamula kabakuli kake ka chakudya, ndipo kunyumba kwathu wailesi inali ya Nzeru, nsapato za sukulu zinali za Bata, nsalu ya chitenje cha amayi inali ya David Whitehead, zonsezo zopangidwa mumzinda womwewu. Ndili mu Fomu 3 fakitale ya bambo inatseka. Ndalama zimene anapatsidwa pochoka anagulira makina amodzi opalasa ndi phazi, n'kukakhala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo ntchito yawo yaikulu mpaka imfa yawo inali yochepetsa ndi kukonza kaunjika amene anthu ankagula pamsika. Munthu amene ankadula malaya mazanamazana pa tsiku anathera pa kufupikitsa miyendo ya mathalauza a anthu ena, ndipo chimenecho chimandipwetekabe mumtima.

Nditakula ndinayesetsa kumvetsa chimene chinachitika. Ndinapeza kuti dziko lathu linayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma chake mu 1981, pamene linalandira ngongole yoyamba ya mtundu umenewu kuchokera ku World Bank, mogwirizana ndi malangizo a IMF. Boma linasiya pang'onopang'ono kuika mitengo ya katundu, mu 1987 linalola amalonda wamba kugula mbewu m'midzi kumene kale kunali ADMARC yokha, ndipo kuyambira mu 1988 linayamba kumasula njira zoitanitsira katundu kunja, moti munthu sankafunikanso kudikira chilolezo cha Reserve Bank pa katundu aliyense. Mu February 1994 kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uzidziwika ndi msika, ndipo chisanathe chaka dola imodzi, imene inali pa makwacha osakwana 5, inafika pafupifupi pa makwacha 15. Mu 1996 kunabwera lamulo logulitsa makampani a boma, ndipo David Whitehead inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Cholinga chake, monga ankanenera, chinali choti mpikisano udzutse mafakitale athu kuti azipanga katundu wabwino ndi wotsika mtengo, wotha kugulitsidwa kunja. Zimene maso anga anaona n'zakuti nyumba zambiri za mafakitale zinasanduka mosungira katundu wobwera pa malole.

Sindinabwere kudzalira maliro akale, ndabwera ndi vuto la lero. Sukulu ziwiri zazikulu zomwe si zaboma zandiuza kuti zikhoza kundipatsa oda ya zaka zitatu ngati ndingathe kupereka mayunifolomu onse teremu isanayambe, ndiponso ngati mabaji ake ndizipeta ndekha m'malo motumiza kwa ena. Kuti ndikwanitse ndikufunika makina a magetsi othamanga asanu ndi amodzi, makina opetera mabaji, ndi jenereta yokulirapo. Banki ina yavomera kundikongoza, koma chikole chake ndi nyumba imene ndikukhalamo ndi ana anga, ndipo chiwongoladzanja chake n'choopsa, pakuti kuyambira pamene Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, mabanki amatilipiritsa ife amalonda aang'ono choposa pamenepo.

Alamu anga, amene amayenda ulendo wa Dar es Salaam mwezi ndi mwezi, akundiuza kuti ndikufuna kudzimangirira chingwe pakhosi. Iwo akuti malaya oyera a sukulu osokeratu amene amapikula ku Kariakoo amafika kuno, atalipira thiransipoti ndi msonkho wa pa Songwe, pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi umene ine ndimagulira nsalu, ulusi ndi mabatani a malaya amodzi, ndisanawerengere malipiro a telala. Ndawerengetsa ndekha kangapo ndipo sakunama. Nzeru yawo ndi yoti ndigule makina opetera mabaji okha, ndichotse atelala asanu ndi atatu, ndizioda zosokeratu n'kumangoika mabaji a sukulu. Phindu lingakhale lalikulu, ngongole ingakhale yaing'ono, nyumba ingapulumuke. Koma atelala amenewo ena ndakhala nawo zaka zoposa khumi, ndikudziwa mayina a ana awo, ndipo ndikamaganiza zowauza kuti ntchito yatha ndimaona nkhope ya bambo anga tsiku limene anabwera kunyumba masana ndi kalata m'manja.

Chondizunguza mutu kwambiri n'chakuti ngakhale ndimadzitcha wopanga katundu wa m'dziko muno, pafupifupi chilichonse chimene ndimagwiritsa ntchito n'chochokera kunja. Nsalu yosakaniza thonje ndi poliyesitala imene sukulu zimafuna, mazipi, mabatani, singano za makina, ngakhale mafuta othira m'makinamo, zonsezo zimadalira dola. Thonje timalima ku Chikwawa, ku Balaka, ku Salima ndi ku Karonga, koma lambiri limangochotsedwa njere n'kutumizidwa kunja, ndipo limabwerera kwa ine litasanduka nsalu ya mtengo wa dola. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya nsalu inakwera sabata yomweyo, pomwe ine ndinali nditagwirizana kale mitengo ndi sukulu, ndipo teremu imeneyo ndinasoka mwaulere.

Tsono ndikupempha nzeru kwa inu amene mukuidziwa bwino nkhaniyi. Kodi kumasulidwa kwa malonda kunathetseratu mwayi wa fakitale yaing'ono m'dziko muno, kotero kuti amene akulimbikirabe kupanga katundu akungochedwetsa tsiku lotseka? Kapena pali mtundu wa katundu umene wopanga wa kuno angapambane nawo wooda kunja? Ndipo inu amene munakongolapo ndalama kuti mugule makina, munatha bwanji kubweza pamene kwacha ikugwa ngongole isanathe?

Yankho la bambo wina amene anapuma ntchito ya boma

Mayi, ndawerenga zonse ndipo pepani chifukwa cha malemu bambo anu. Zaka zimene mukunenazo ine ndinali pa ntchito, ndipo ndikufuna ndiwonjezere mbali imene anthu ambiri amaiiwala, chifukwa mukaidziwa mudzaweruza bwino za ngongole yanuyo. Mafakitale amene mukuwakumbukira ndi chikondi anakula mkati mwa mpanda. Katundu wofanana ndi wawo ankaletsedwa kapena kulipiritsidwa msonkho waukulu pachipata, ndalama zakunja zinkagawidwa ndi boma, ndipo makampani ambiri akuluakulu anali m'manja mwa Press, kampani ya boma ya Malawi Development Corporation (MDC) ndi ADMARC, kotero kuti pa katundu wambiri wopanga anali mmodzi kapena awiri basi. Wogula analibe kothawira. Makina ambiri anali akale, ndipo zipangizo zambiri zinkachokera kunja monga zilili kwa inu lero. Komanso musaiwale kuti nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, katundu wathu n'kuyamba kuzungulira mtunda wautali kudzera ku Durban, ndipo mtengo wa mayendedwe unakwera kwambiri. Kusinthako kusanafike n'komwe, mafakitalewo anali atayamba kale kudwala.

Cholakwika chachikulu, m'kuona kwanga, chinali dongosolo la kasinthidwe. Mpanda unagwetsedwa msanga, pomwe zinthu zimene zikanathandiza mafakitale kupikisana, monga magetsi odalirika, ngongole za nthawi yaitali za chiwongoladzanja chotsika, njanji yoyenda bwino ndi amisiri ophunzitsidwa, zinali zisanakonzedwe, ndipo zina mpaka lero sizinakonzedwe. Pamwamba pa izo panabwera mapangano a malonda ndi maiko oyandikana nawo, monga la Zimbabwe la 1995 ndi msika wopanda msonkho wa COMESA wa mu 2000, amene anatsegula chitseko kwa mafakitale akuluakulu kuposa athu. Si onse amene anagwa. Shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, zakumwa, simenti, ndi mafuta ophikira a soya ndi mpendadzuwa zinapirira, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza kuti zambiri mwa zimenezi chipangizo chake chachikulu chili konkuno, kapena n'zolemera moti kuzinyamula kuchokera kutali kumadya phindu lonse. Zosoka zinayesa njira ina: mafakitale ena ankasokera msika wa ku South Africa chifukwa cha pangano la 1990, ena msika wa ku America pansi pa AGOA, lamulo la America la mu 2000 lolola katundu wina wa ku Africa kulowa kumeneko popanda msonkho, koma malire amene ankaikidwa pa zovala za ku Asia atachotsedwa mu January 2005, ogula ambiri anatembenukira ku China ndi Bangladesh.

Phunziro lake kwa inu n'lakuti malaya oyera wamba musalimbane nawo, chifukwa fakitale imene imasoka malaya mamiliyoni simungaipose pa mtengo. Koma diresi la mtundu wa sukulu imodzi yokha, siketi ya mapindo imene iyenera kuyezedwa pa mwana, juzi ya mizere ya sukuluyo, ndi oda ya zovala 40 zofunika Lachisanu, zimenezo wosoka wa ku Guangzhou ku China sangazichite. Ndingakulangizeni kuti mugawe katundu wanu pawiri musanapite kubanki, muone kuti ndi gawo liti limene lili ndi mpanda wachilengedwe wotere, ndipo makina amene mugule akhale a gawo limenelo lokha.

Yankho la mayi wina wogulitsa kaunjika ku Lilongwe

Achemwali, ine ndine mmodzi wa anthu amene mumatiloza chala, ndipo sindikukwiya nazo, koma ndikufuna mumve mbali yathu. Kaunjika waveka anthu a m'midzi amene kale mwana ankapita kusukulu ndi malaya amodzi ong'ambika mpaka chaka kutha, ndipo ine ndaphunzitsa ana anayi ndi mabelo amenewa. Tsiku limene boma lidzaletse kaunjika popanda fakitale yotha kuveka munthu wolandira malipiro ochepa, amene adzavutike ndi wosauka yemweyo. Komanso musaganize kuti ife ooda tili pabwino. Kusowa kwa ndalama zakunja kwatipweteka mofanana, mtengo wa belo unakwera mowirikiza mpaka anzathu a mumsika anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu February 2025. Alamu anu akuwerengera mtengo wa lero, koma kodi dola yokaodera ku Kariakoo akuipeza kubanki pa mtengo wa boma, kapena kwa osintha ndalama a m'misewu? Muwafunse bwino, chifukwa mukachotsa atelala anu n'kudalira zosokeratu, tsiku limene dola idzasowe mudzakhala mulibe katundu ndiponso mulibe womusoka. Inu pakali pano dola mumaifuna pa nsalu ndi zipangizo zokha, pomwe wooda amaifuna pa chovala chonse.

Yankho la bambo wina wa fakitale yaing'ono ya sopo ku Kanengo

Mayi, ine ndinachita zimene mukufuna kuchitazo mu 2021, ndipo ndikuuzani mosabisa kuti ndinatsala pang'ono kutaya nyumba. Makina anafika bwinobwino, koma mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo ine ndinkabweza ngongole ya makina amene ankakhala chete theka la tsiku, uku ndikuthira dizilo mu jenereta. Miyezi inayi pambuyo pake kwacha inagwa. Chimene chinandipulumutsa ndi chakuti ndinali nditagula mafuta opangira sopo okwanira miyezi isanu kwacha isanagwe.

Choncho mawu anga ndi awa. Chikole cha nyumba yokhalamo musavomere msanga. Funsani kaye ngati banki ingatenge makinawo ngati chikole, kapena ngati wogulitsa makina angalole kuti muzilipira pang'onopang'ono. Pangano lanu ndi sukulu likhale lolembedwa, losainidwa, ndipo mukhale ndime yonena kuti mtengo udzaunikidwanso teremu iliyonse kapena kwacha ikasintha mphamvu, chifukwa mtengo wokhazikika wa zaka zitatu m'dziko lino ndi msampha. Muwapemphenso kuti azipereka theka la ndalama poyamba kuti muzigula nsalu nthawi yomweyo. Pitaninso ku MRA mukafunse za ndondomeko imene imachotsera msonkho opanga katundu pa zipangizo zoitanitsa kunja. Ili ndi zofunika zake, monga mabuku a ndalama olongosoka ndi malo osungira katundu amene iwo angathe kudzayendera, ndipo amalonda aang'ono ambiri sayesa n'komwe poganiza kuti ndi ya makampani akuluakulu okha. Ngati mukugula nsalu m'masitolo a ku Limbe, ndiye kuti mukulipira msonkho wonse pamodzi ndi phindu la mwini sitolo, ndipo mwina kusiyana kwanu ndi alamu anu kwabisala pamenepo.

Yankho la Mmalawi wina wokhala ku Lusaka

Zimene mwafotokozazi ndi zomwenso zinachitika kuno ku Zambia, ndipo kuno zinachitika mofulumira kuposa kwathu. Boma la a Chiluba litalowa mu 1991 linatsegula zipata nthawi imodzi, salaula, amene ndi kaunjika wa kuno, anadzaza misika, ndipo mafakitale a nsalu ndi zovala a ku Livingstone, ku Ndola ndi ku Kafue anatha limodzilimodzi. Ya Mulungushi ku Kabwe inakhala yotseka zaka zambiri. Amene ndikuwaona akulimba kuno ndi osoka zovala za m'migodi ndi mayunifolomu, ndendende gawo limene inu mulimo, chifukwa wogula amafuna muyeso wake, chizindikiro chake ndi munthu woti akamudandaulire zikalakwika. Za kudikira kuti boma litseke zipata musaziike m'mawerengero anu. Rwanda inakweza msonkho wa kaunjika mu 2016, ndipo America inaichotsera mwayi wogulitsa zovala pansi pa AGOA mu 2018. Rwanda inapirira, koma anzake a Kenya, Uganda ndi Tanzania anabwerera m'mbuyo. Kwathunso munaona mu 2025 kuti boma litaletsa katundu wina wakunja, Tanzania inabwezera mpaka maboma awiriwo anachita kukhala pansi. Ndondomeko ya Buy Malawi ilipo kuyambira mu 2016, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amaika mafakitale pakati pa nsanamira zake zitatu, koma banki yanu idzafuna ndalama yake pa tsiku lake, kaya ndondomekozo zagwira ntchito kapena ayi.

Yankho la mwini funso

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu achemwali a ku Lilongwe, chifukwa funso lanu la kumene alamu amapeza dola sindinaliganizirepo, ndipo nditawaimbira usiku wathawu avomera kuti kubanki sanaipezepo chaka chino. Ndakhalanso pansi ndi mabuku anga a chaka chatha monga munanenera bambo a m'boma, ndipo ndapeza kuti malaya oyera ndi makabudula a khaki amadya pafupifupi theka la nthawi ya atelala anga koma phindu lake n'lochepa kwambiri, pomwe madiresi, masiketi ndi maovolosi ndiwo akhala akulipira lendi ndi malipiro. Zimenezi zandidabwitsa, chifukwa malaya ndiwo ndinkanyadira nawo, pokhala ntchito imene bambo anandiphunzitsa poyamba.

Maganizo amene ndili nawo tsopano ndi oti malaya oyera okha ndizioda, makina othamanga ndigule atatu m'malo mwa asanu ndi amodzi, pamodzi ndi opetera mabaji, ndipo atelala amene amasoka malaya ndiwasamutsire ku madiresi ndi maovolosi kuti pasachoke munthu. Ngongole ikatsika chotero, mwina banki ingalandire galimoto ndi makinawo ngati chikole, nyumba n'kutsala pambali. Lolemba ndikukaonana ndi akuluakulu a sukulu ziwirizo kukakambirana za ndime yosintha mitengo, ndipo ndikuopa kuti mwina akana, popeza nawonso amalengeza mtengo wa yunifolomu kwa makolo chaka chisanayambe. Bambo a ku Kanengo, ngati ndime ya m'pangano lanu mungathe kuilemba pano mutachotsa mayina, ndingathokoze, kuti ndione kalembedwe kake ndisanapite. Ndikufunsanso ngati pagulu pano pali ena osoka mayunifolomu ku Blantyre kapena ku Zomba amene angafune kuti tiphatikize oda ya nsalu n'kuitanitsa limodzi, chifukwa ndekha sindingadzaze kontena, ndipo ndikufuna kudziwa ngati a MRA angalole opanga angapo kulembetsa pamodzi pa ndondomeko ya msonkho ija kapena aliyense ayenera kulembetsa payekha.